Zaka Zimene Ndinkakodoledwa

Chichewa chimene ndimayankhulachi, chambiri sindinachiphunzire ku Malawi. Ndinachiphunzira ku Joni, m'kanyumba ka malata, kwa munthu wa ku Ntcheu dzina lake a Zakeyu. Kwathu ku Kaporo tinkachimva m'kalasi mokha kwa aphunzitsi ochokera kumwera, ndipo tikangotuluka panja tinkabwerera ku Chinkhonde chathu. Liwu loyamba limene a Zakeyu anandiphunzitsa linali lakuti kukodola, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba chimanjamanja chifukwa chosalidziwa.

Ndinachoka kwathu chaka chimene madzi anasefukira kawiri. Koyamba anakokolola mbande za mpunga, tinawokeranso zina. Kachiwiri anabwera mpunga utayamba kubereka, nasiya mchenga wofika m'mawondo pamunda ponse, natenganso ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene ndinkalimira. Mkazi wanga Tumpale sanandiletse, komanso sananene kuti ndipite. Anangondiphikira mbalagha ya panjira, nthochi zambiri nyama pang'ono, n'kundiperekeza kumsewu atabereka mwana wathu Tusekile, amene nthawi imeneyo ankayenda chogwira zipupa. Ndinamuuza kuti ndikangopeza ya ng'ombe ina ndi malata ndibwerera. Minibasi inadutsa pa Boma la Karonga, inadutsa pa Uliwa, ndipo titayamba kukwera mapiri ndinazindikira kuti chibadwire ndinali ndisanapitirirepo Chilumba.

A Zakeyu ndinakumana nawo m'basi yaikulu. Anakwerera ku Lilongwe, akubwerera kuntchito atakaona ana awo. Anali munthu wamfupi, wa manja okhakhala ngati khungwa, wolankhula ndi aliyense ngati anadziwana kale. Anaona m'mene ndinakumbatira chikwama changa ulendo wonse, nandifunsa amene akukandilandira. Ndinatchula msuweni wanga. Titafika, foni ya msuweniyo sinkayankhidwa. Ndinaimba, kuimba, mpaka anthu onse a m'basi anabalalika. A Zakeyu anali ataima poteropo akudya chipisi, ngati sakundiona. Kenaka ananyamula chikwama changa chija n'kuyamba kuyenda, ine pambuyo.

Ntchito yathu inali yodikira. M'mawa uliwonse tinkapita kukaima pamphambano ina, pafupi ndi sitolo yaikulu yogulitsa simenti ndi matabwa. Pamenepo pankasonkhana amuna ambirimbiri, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Mozambiki, aliyense atanyamula chida chosonyeza zimene amadziwa: wina bulashi ya penti, wina fosholo, a Zakeyu mpeni wawo womangira ndi thabwa losalazira pulasitala. Magalimoto otuluka m'sitolomo ankayenda pang'onopang'ono. Wofuna waganyu sankatsika, nthawi zina ngakhale windo sankalitsitsa lonse. Ankangoyang'ana gulu lonselo, n'kutulutsa chala chimodzi, chikhatho chitayang'ana kumwamba, n'kuchipinda kawiri.

Tsiku langa loyamba chala choterocho chinaloza ine. Ndinachiona bwinobwino, koma miyendo inakana. Kwathu munthu wamkulu sumuitana choncho. Ngakhale mwana umamuitana ndi dzanja lonse, chikhatho chitayang'ana pansi, zala zonse zikupalasa ngati ukukokera mpunga kwa iwe. Chala chimodzi n'cha galu. Ndili chiimire choncho, mnyamata wina wamtali anandidutsa ngati mphepo n'kudumphira kumbuyo kwa galimotoyo.

A Zakeyu anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa ngati ndinabwera ku Joni kudzalandira ulemu. Ine ndinati munthu uja sanandiitane, chifukwa pakamwa pake sipanatuluke kanthu.

"Sanakuitane, wakukodola," anatero. "Kuno palibe amene adzakuitane, mphwanga. Kuti akuitane ayenera adziwe dzina lako. Liphunzire liwu limeneli, ndi limene lizikudyetsa."

Ndinaliphunzira. Pamphambano paja nthawi inali yambiri, ndipo a Zakeyu ankakonda kusenda mawu ngati chinangwa. Anandiuza kuti kuitana n'kwa pakamwa, kukodola n'kwa dzanja, ndipo munthu amakodola pamene mawu sangafike kapena pamene sakuyenera kumveka: pamaliro, m'tchalitchi, kutsidya la mtsinje, kapena pamene ukufuna mmodzi yekha pagulu osadzidzimutsa enawo. Anati ngakhale kugunda mnzako pang'ono m'nthiti kuti atembenuke, nakonso n'kukodola. Anatinso mwana sakodola bambo ake, mkamwini sakodola apongozi, koma mwamuna ndi mkazi wake amakodolana mpaka kukalamba. Tsiku lina panabuka mkangano ndi bambo wina wa ku Mulanje wopaka penti, pa nkhani ya kumene liwuli linachokera. Wa ku Mulanjeyo anati n'lapachibale ndi kukola ndi kukodwa, chifukwa chala chimapindika ngati mbedza ndipo wokodoledwa amabwera ngati nsomba. A Zakeyu anakana. Anati timvetsere kumapeto kwake: timati kumata ndi kumatula, kutseka ndi kutsegula, ndiye kukodola n'kumasula munthu pamene anakodwa, kumuchotsa pagulu la odikira. Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Amene ankanena zoona sindikumudziwa mpaka lero. Ndimangodziwa kuti tsiku limenelo palibe mmodzi wa ife amene anakwera galimoto.

Chimene chinandipulumutsa miyezi yoyambayo chinali zala ziwiri za a Zakeyu. Iwo ankadziwika kuti pulasitala wawo ndi wosalala, ndiye ankakodoledwa kawirikawiri. Chala chikawaloza, sankathamanga ngati ena. Ankakweza zala ziwiri, n'kuloza ine. Mwini galimoto akapukusa mutu, iwo ankakhala pansi n'kuyang'ana kwina. Ambiri ankagonja. Motero ndinayamba kukandya matope, kukankha wilibala, kukweza zidebe pansanja. Pang'onopang'ono anayamba kundipatsa mpeni kuti ndiyesere pa zipupa za kuseri zimene mwini nyumba sayang'ana. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangodutsitsa chikhatho pakhomapo, n'kundigwira dzanja kuti nanenso ndimve pamene patupa.

Tinkakhala awiri m'kanyumba kamene m'chilimwe kankawotcha ngati uvuni, m'nyengo yozizira madzi a m'chidebe ankaundana pamwamba. Kuzizira kwa kumeneko kunkandiliza ine mwana wa ku Karonga, wozolowera kugona chitseko chili pululu. Tinkaphika pa sitovu ya palafini, ufa wogula woyera mbuu wopanda fungo, ndiwo zake mapazi a nkhuku. Ine ndinkawasimbira za mpunga wa kwathu, woti ukamapsa anthu a nyumba yachitatu amadziwa, ndi za chambiko, mkaka wowawasa umene iwo ankati sangaulawe ngakhale atawalipira. Iwo ankasimba za mbatata ya ku Ntcheu ndi za ana awo aamuna atatu, amene ankawatchula ngati akadali aang'ono ngakhale wamkulu anali atamera ndevu.

Masiku a pasipoti yanga anatha, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lililonse lotuluka pa windo linkatha kukhala la ntchito kapena la apolisi. Tinaphunzira kuyang'ana galimoto tisanayang'ane chala. Kupita kumudzi kunasanduka chinthu choopsa, chifukwa ukatuluka sudziwa ngati udzalowanso. Pa zaka zonsezo ndinapitako kamodzi kokha. Zina zonse zinkayenda pa foni. Ndinkatumiza zimene ndapeza, Tumpale anagula ng'ombe, anaumbitsa njerwa, anakhoma malata. Nthawi iliyonse ndikati chaka chino ndibwera, pankapezeka china: fizi, feteleza, madzi asefukiranso. Lamlungu tinkavala bwino n'kukajambulitsa kutsogolo kwa nyumba zimene tinapaka pulasitala, zamipanda yaitali ndi maluwa, nthawi zina titatsamira galimoto ya eni ake. Tonse tinkachita zimenezo. Palibe amene ankatumiza chithunzi cha pamphambano.

Zaka zikupita, zala zinayamba kuwadumpha a Zakeyu. Msana unali utawerama, chifuwa chosatha, mutu utayamba kuyera. M'mawa ankatenga polishi wakuda wa nsapato n'kupaka m'tsitsi ndi kamswachi, akudziyang'ana pa kagalasi kosweka. Kukatentha, thukuta linkatsika lakuda m'masaya, ine n'kuwakodola m'nthiti kuti apukute galimoto isanafike. Tsopano wokodoledwa ndinali ine, ndipo zala ziwiri ndinkakweza ndine. Ena ankavomera. Tikafika pantchito ine ndinkakwera pansanja, iwo n'kumasalaza m'munsi, ndipo khoma lawo linkaposabe langa.

Kenaka kunabwera kontirakitala wina amene ankamanga nyumba zambiri m'tauni ina yakutali. Inali ntchito ya miyezi, yogona konko, yolipira bwino kuposa ganyu aliyense amene ndinagwirapo. Anandikodola. Ndinakweza zala ziwiri. Anawayang'ana a Zakeyu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, napukusa mutu, nakweza chala chimodzi. Ndinakhala pansi n'kuyang'ana kwina, monga m'mene iwo ankachitira. Galimoto sinachoke. Ndinamva chigongono m'nthiti.

"Nyamuka," anatero a Zakeyu chapansipansi. "Mwana wako akulowa sekondale. Ine ndipumuleko, wanditopetsa ndi nkhani za mpunga."

Ndinanyamuka. Pamene galimoto inkakhota ndinawaona atakhala pa chidebe chawo, mpeni uli pamwendo, akuyankhula ndi bambo wa penti uja ngati palibe chachitika.

Masabata oyamba tinkaimbirana. Ankati zinthu zili bwino, apeza kaganyu kokonza mpanda. Kenaka foni yawo inasiya kulira. Ndinkadziuza kuti mwina yabedwa, poti zimenezo zinkachitika tsiku ndi tsiku. Ntchito itatha ndinabwerera, ndipo m'kanyumba kathu ndinapeza mukukhala banja lina, mwana akukwawa pamene pankakhala matiresi athu. Mayi wa nyumba yoyandikana anandiuza kuti a Zakeyu anagwa pamphambano, anzathu anawatengera kuchipatala, ndipo akuti ndi chifuwa chachikulu.

Kuchipatalako anandipatsa kansalu kotseka pakamwa n'kundilozera chipinda cha amuna. Ndinayenda pakati pa mabedi mpaka kumapeto, n'kubwereranso, osawaona. Ndinali pafupi kutuluka pamene ndinaona dzanja likutukuka pa bulangeti, lowonda ngati bango. Chikhatho chinayang'ana pansi, zala zonse zikupalasa pang'onopang'ono. Chifikire ku Joni palibe amene anandikodolapo choncho. Mwini dzanjalo anali nkhalamba ya mutu woyera mbee, ndipo ndinawazindikira ndi maso okha.

Ndinawerama kuti ndimve, chifukwa mawu anali atatha.

"Wandidutsa chifukwa cha imvi? Zanga zenizeni ndi zimenezi." Anapuma kaye. "Zikachitika, ukandiperekeze. M'ngolo yonyamula maliro ija ndisayende ndekha."

Ndinawauza kuti achira, ndipo tikagwira limodzi ntchito ina imene kontirakitala uja walonjeza. Anangomwetulira. Anagwira dzanja langa n'kumalisisita m'chikhatho, kuona ngati lalimba. Sabata isanathe anamwalira.

Amalawi a m'dera lathu anasonkha monga timachitira, bokosi linakwezedwa m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, pakati pa mafiriji ndi njinga za anthu ena zopita kumudzi. Ine ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala. Paliponse pamene tinaima ndinkatsika kukayang'ana zingwe. Pachipata cha dziko anandidinda chidindo choti ndisabwererenso msanga, ndipo sindinadandaule.

Ku Ntcheu anatilandira ndi ulemu. Ana atatu aja anali amuna akuluakulu, awiri okwatira. Ananyamula bokosi mwakachetechete, misozi osaoneka. Titachoka kumanda, wamkulu ananditengera pambali pansi pa mtengo wa pichesi. Ndinkaganiza kuti afunsa za katundu. Koma anandifunsa kuti bambo ake anali munthu wotani, ankakonda kuseka kapena ayi. Ndinamuuza zonse zimene ndinakumbukira, za zala ziwiri, za polishi, za mkangano wa pamphambano. Ankamvetsera ngati ndikusimba za munthu wa dziko lina. Kutacha ndinamusiyira mpeni ndi thabwa lija, n'kukwera basi yolowera kumpoto.

Ku Kaporo ndinapeza nyumba ya njerwa ya malata, yabwino kuposa m'mene inkaonekera pa foni, koma yopanda pulasitala. Tumpale anali atasanduka mayi wa bizinesi, wogula mpunga m'midzi n'kukagulitsa pa Boma ndi kuchipata cha Songwe. Ng'ombe ankayang'anira mlongo wake, ndipo zinkamvera mawu a iyeyo, osati anga. Anandilandira bwino, sindinganame. Koma m'nyumbamo chilichonse chinali ndi malo ake, ndipo ine ndinkangoima pakati osadziwa pokhala. Tusekile anali mtsikana wamtali kuposa mayi ake. Anagwada patali n'kunena kuti mwaghona, moni wathu uja, mwaulemu wonse umene timapereka kwa alendo. Ndinkafuna kumufunsa zambiri, koma ndinangomufunsa za sukulu, iye n'kuyankha kuti ikuyenda bwino.

Ndinapaka nyumba yathu pulasitala, anthu anaona, ndipo ndinayamba kupeza ntchito m'nyumba za aphunzitsi ndi m'magolosale, mpaka ku Uliwa. Ankabwera pakhomo, kukhala pampando, kunditchula dzina. Ndinkaganiza kuti za ku Joni zatsalira konko.

Tsiku lina ndinapita pa Boma ndi Tusekile kukagula nsapato za sukulu. Tili m'mbali mwa msewu pafupi ndi msika, galimoto ina yonyamula simenti inachepetsa liwiro, dzanja n'kutuluka pa windo. Sindinaganize chilichonse. Ndinangopezeka ndathamanga, ndadutsa pakati pa njinga, ndagwira kale chitsulo cha kumbuyo, mwendo umodzi uli m'mwamba. Dalaivala anandiyang'ana modabwa. Ankakodola mayi wogulitsa nthochi amene anali kumbuyo kwanga. Anyamata a njinga anaseka, wina n'kufunsa ngati adada akuthawa ngongole. Nditabwerera, Tusekile anali atayang'ana pansi, atagwira jumbo ya nsapato ndi manja awiri. M'minibasi yobwerera tinakhala moyandikana, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yomuuza zonse ndi imeneyi. Mawu ndinali nawo, m'Chinkhonde ndi m'Chichewa momwe. Ndinayang'ana minda ya mpunga pa windo mpaka tinafika.

Tusekile atamaliza Folomu 4 anakhala pakhomo chaka chathunthu, akuthandiza mayi ake kuyeza mpunga. Ntchito panalibe, malo a sukulu yopitirira sanapezeke. Kenaka mnzake wina amene anapita ku Joni anamuuza kuti kuli malo pa saluni, ndipo pogona alipo. Nkhaniyi ndinaimva kwa Tumpale zonse zitakonzedwa kale, pasipoti ili m'manja. Ndinakana. Ndinati kumeneko si malo a mwana wamkazi, kuli kuzizira, kuli akuba, kuli apolisi. Zonsezo zinamveka ngati zimene bambo aliyense amanena. Tusekile anadikira ndimalize, ali chogwada pakhomo la chipinda.

"Tata, inu munakhalako zaka zonse zija, ndipo munkakhala bwino. Zithunzi tinkaziona. Nanga ine ndilephera chiyani?"

Ndinayang'ana mayi ake kuti andithandize. Tumpale anati mwanayo wakula, ndipo iye mwini anazolowera kale kudikira anthu.

M'mawa wa ulendo tinamuperekeza kumsewu tonse awiri. Ine ndinanyamula chikwama, iye ndi mayi ake akuyenda patsogolo, akukambirana za majuzi ndi za nambala za foni. Ndinkakonza mawu m'mutu njira yonse. Ndinkati tikafika pamsewu ndimutengera pambali, ndimuuze za pamphambano, za nyumba zija kuti sizinali zathu ngakhale khonde lake, za munthu amene ndinamubweretsa pakati pa mafiriji. Koma minibasi inali itaima kale, kondakitala analanda chikwama m'manja mwanga, anthu anasuntha, ndipo mwana wanga analowa n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pa windo.

Chitseko chinatsekedwa. Galimoto inayamba kuyenda. Ndinalowa mumsewu n'kukweza dzanja, chikhatho pansi, zala zikupalasa: tsika, bwera kuno, pali zoti ndikuuze. Anandiona. Nkhope yake inawala, mwina koyamba chibwerere changa, ndipo nayenso anakweza dzanja n'kumandibayibitsa, akumwetulira, mpaka minibasi inakhota.

Ndinatsala pakati pa msewu dzanja lili m'mwamba, mpaka wa njinga anandiimbira belu. Tumpale anali atayamba kale kubwerera. Nditamupeza anandifunsa, osandiyang'ana, kuti ndimatani pamsewu paja.

Ndinati ndimamukodola kuti atsike.

Anayenda pang'ono akukonza chitenje m'chiuno.

"Bambo a Tusekile," anatero, "mwana uja ali ndi dzina. Munamupatsa ndinu. Mukanangomuitana."